Puloti, mdadada, nyumba ya mpanda kapena masheya: ndalama yanu ipite kuti mu Lilongwe?

Munthu akangogwira ndalama yooneka mu Lilongwe muno, kaya ndi ya penshoni, ya soya, kapena yomwe wakhala akutumiza kuchokera ku Joni, abale ndi anzake amamuuza chinthu chimodzi: gulani malo, mangani nyumba ya lendi. Sakunama ayi. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 990,000 mumzinda uno, ndipo chisamukire likulu kuchoka ku Zomba mu 1975, anthu akungobwerabe, aliyense akufuna pogona. Kwacha nayo siisungika. Inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anasunga ndalama zake ku banki anadzuka zikugula matumba a simenti ochepa kuposa dzulo lake.

Komabe njira zoikira ndalama m'malo ndi m'nyumba zilipo zingapo, zosiyana kutalitali, ndipo ina mwa izo ikhoza kukusaukitsani muli ndi nyumba yokongola. Chifukwa chake n'chimodzi, ndipo ndikupemphani muchisunge pamtima pamene mukuwerenga: mtengo womangira umatsatira dola, koma lendi imatsatira malipiro a tenanti. Malata, waya wa magetsi, matailosi, penti, zitsulo ndi mafuta a lole yotuta mchenga, zonsezi zimakwera sabata yomwe kwacha yagwa. Mphunzitsi kapena kalaliki wokhala m'nyumba mwanu malipiro ake sakwera sabata imeneyo, ndipo mukamukwezera lendi mopyola muyeso, amakapeza ina yotsikirapo ku Area 36 n'kukubwezerani makiyi.

Poyerekeza njirazi ndimagwiritsa ntchito muyeso wosavuta. Werengani ndalama zonse zomwe zalowa, kuyambira puloti, mapulani, kulumikiza madzi ndi magetsi, mpaka geti. Kenako werengani lendi ya miyezi khumi yokha pachaka, chifukwa lendi ya miyezi iwiri inayo imathera ku nthawi yomwe nyumba ilibe munthu, kukonza zowonongeka, misonkho ya khonsolo, lendi ya malo ku boma ndi msonkho wa MRA, paja ndalama ya lendi nayo imadulidwa msonkho. Gawani ndalama zolowazo ndi lendi ya miyezi khumiyo, mupeza zaka zomwe mudzadikire kuti ndalama yanu ibwerere. Njira iliyonse m'munsimu muiyese ndi nambala imeneyi.

## Puloti yongogula n'kusunga

Ambiri amayambira pano chifukwa sipafuna ndalama zochuluka nthawi imodzi. Makampani ogulitsa mapuloti adzaza mbali zonse zomwe mzinda ukufutukukira: msewu wa ku Mchinji cha ku Njewa, Chitipi ndi Airwing, kumpoto cha ku Lumbadzi, msewu wa ku Bunda, mpaka cha ku Nathenje. Ambiri amalola kulipira pang'onopang'ono, ndiye ngakhale wapantchito wamba amakwanitsa. Puloti siidontha, siifuna penti, ilibe tenanti wothawa usiku ndi lendi ya miyezi itatu. Kumene tala, madzi ndi magetsi zafika, mtengo wake umakwera msanga. Amene anagula m'mbali mwa bypass msewuwo usanamangidwe angakuuzeni.

Koma puloti ndi nkhokwe, si munda: imasunga zomwe mwaikamo, pakutha pa mwezi siikupatsani kanthu. Phindu lake mudzaliona tsiku logulitsa, ndipo wogula wa mtengo wabwino sapezeka tsiku lomwe mwana akufuna fizi. Tsiku limenelo amapezeka ndi dobadoba wofuna kukupatsani theka. Si puloti iliyonse imakwera. Ina imakhalabe pakati pa minda ya chimanga zaka khumi, magetsi ali kutali, msewu wake wosadutsika m'dzinja. Malo osiyidwa amaitananso anthu: woyandikana nanu amasuntha malire pang'onopang'ono, wina amaumbapo njerwa n'kukusiyirani maenje, wina amawagulitsanso kwa munthu wachiwiri.

Lamulo nalo silikondwera ndi malo ogona. Lizi ya boma, yomwe pa malo a nyumba nthawi zambiri imakhala ya zaka 99, imabwera ndi pangano loti mutukule malowo m'nthawi yoikika, apo ayi akhoza kulandidwa. Lamulo la malo la 2016 litakonzedwanso mu 2022, linakhwimitsa nkhani yogulitsa malo a lizi omwe sanamangidwepo kanthu. Choncho ngati cholinga chanu n'kugula lero kuti mudzagulitse osamangapo, kaonaneni kaye ndi loya. Ine puloti ndimaiona ngati sitepe yoyamba ya kumanga, osati bizinesi payokha.

## Mapepala, musanapereke ngakhale dipoziti

Izi zikukhudza njira zonse zotsatira, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri alirira. Mkati mwa mzinda malo ambiri ali m'manja mwa Unduna wa Zamalo, Malawi Housing Corporation kapena Khonsolo ya Mzinda wa Lilongwe, ndipo aliyense ali ndi kaundula wake. Funso loyamba kwa wogulitsa likhale lakuti: malowa ali pansi pa ofesi iti? Akayankha, pitani nokha ku ofesiyo ndi nambala ya puloti, mukaone ngati dzina lili m'kaundula ndi la munthu amene akukugulitsaniyo, ngati malowo sanaperekedwe chikole ku banki, ndiponso ngati alibe ngongole ya misonkho. Musatume ejenti amene akudikira komishoni pa malonda omwewo kuti akakufufuzireni.

Kalata ya amfumu yokhala ndi chidindo ndi umboni woti munapereka ndalama pamaso pa mboni, koma si title deed, ndipo banki siilandira. Mkati mwa malire a mzinda lamulo silipatsa mafumu mphamvu zogawa malo. Kunja kwa malire, ku malo a makolo, munda umakhala wa banja lonse, ndipo mwini mbumba amene sanafunsidwe akhoza kutulukira nyumba yanu itafika pa lintala. Mukamagula kumeneko, banja lonse likhalepo, lisaine, ndipo yambani msanga ndondomeko yolembetsa malowo m'dzina lanu. Ngati wogulitsa ndi kampani, pemphani kuona chikalata cha malo onsewo asanadulidwe, ndi pulani yovomerezeka ya kadulidwe kake. Itanani saveya wanu adzakulozereni mabikoni, mutsimikize kuti simuli mumsewu, pansi pa mawaya akuluakulu a ESCOM kapena m'mphepete mwa mtsinje momwe khonsolo ikhoza kudzagwetsa.

Ndipo kaoneni malowo mvula ili mkati, mu Januwale kapena Febuluwale. Dambo silidziwika m'chilimwe. Mu 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira n'kuwononga nyumba ku Mtandire, ndipo chakumapeto kwa chaka chomwecho madzi anasautsanso anthu ku Kaliyeka, Mchesi ndi Kawale. Puloti yotchipa modabwitsa pafupi ndi tauni imakhala ndi chifukwa chake.

## Nyumba imodzi yaikulu ya mpanda

Zipinda zinayi, matailosi, giza, kapinga, boyizikota kuseri, ku Area 43, 47, 10 kapena 12: awa ndiwo maloto a ambiri. Tenanti wake amakhala bungwe, kampani kapena ofesi ya kazembe, wosaina mgwirizano wa chaka kapena ziwiri n'kumalipira miyezi ingapo pakamodzi kudzera ku banki. Simugogoda pakhomo pa munthu m'mamawa kukafunsa lendi. Nyumba yotere banki imailandira ngati chikole, ndipo mtengo wake wogulitsira umayenda bwino ndi nthawi.

Vuto ndi loti okwanitsa lendi imeneyo ndi ochepa, ndipo ntchito zawo zimadalira zinthu zomwe inu simungazigwire. Dziko la America litadula thandizo la USAID mu 2025, mabungwe ambiri anachepetsa antchito, ena anatseka mapulojekiti, ndipo anthu amenewo ndi omwe amakhala m'nyumba zoterezi. Nyumba yaikulu ikakhala yopanda munthu, palibe tambala yolowa, koma mlonda, wotchetcha kapinga ndi khonsolo akufunabe zawo. Tenanti wake amafunanso thanki ya madzi, sola kapena jenereta, waya wa magetsi pa mpanda, ndipo giza ikafa amafuna ikonzedwe lero lomwe. Ena amadzitonthoza kuti azidzatchaja madola, koma malamulo a ndalama zakunja salola kulipiritsa m'madola pa malonda a m'dziko momwe muno.

Tiyese ndi manambala ongoyerekeza, inu muikemo mitengo ya lero. Nyumba yadya K150 miliyoni, lendi yake ndi K900,000 pamwezi. Miyezi khumi ndi K9 miliyoni, ndiye kuti mudikira zaka pafupifupi 17. Ndalama yomweyo mutamangira tinyumba tinayi ta K350,000 kalikonse, miyezi khumi ikupatsani K14 miliyoni, ndipo zaka zodikira zitsika kufika pafupifupi 11. Komanso kamodzi kakakhala kopanda munthu, titatu tikulipirabe. Nyumba yaikulu ndi yabwino kwa munthu amene ali kale ndi ndalama zina zolowa, wofuna posungira chuma cha ana ake. Kwa amene akufuna lendi imudyetse akapuma pantchito, sindimulimbikitsa.

## Mdadada

Kumbali inayo kuli mdadada: zitseko zisanu, zisanu ndi chimodzi, mwina khumi mumzere umodzi, chipinda ndi pabalaza, bafa ndi chimbudzi panja, ku Mtandire, Chinsapo, Mgona, Kauma, Area 23 kapena Area 36. Anthu a m'maofesi amaupeputsa, koma pa muyeso wa zaka uja mdadada nthawi zambiri umaposa nyumba ya ku 43. Chitseko chimodzi sichidya ndalama zambiri pomanga, ndipo ochifuna satha. Mzinda uno unamangidwa mwakuti pafupi ndi dera lililonse la opeza bwino pali dera la owagwirira ntchito: alonda ndi ogwira ntchito za m'nyumba ku 47 ambiri amagona ku Mtandire, a ku 12 ndi 43 amagona ku Kauma, a m'mafakitale a ku Kanengo amagona ku Mgona ndi ku 25. Onjezani akabaza, amisiri ndi amayi a geni mumsika. Wina akatuluka m'mawa, pofika madzulo wina wafunsa kale. Mutha kuyamba ndi zitseko ziwiri, lendi yake n'kuthandiza kukweza chachitatu.

Koma walira mvula walira matope. Ndalama ya mdadada imatoleredwa ndi miyendo. Matenanti ambiri amapeza za tsiku ndi tsiku, ndipo mu Januwale ndi Febuluwale, chimanga chikakwera mtengo ndiponso ana akufuna za kusukulu, lendi imabwera mochedwa kapena mwatheka. Cha ku Kanengo, msika wa fodya ukatsekedwa, ena mwa ogwira ntchito za nyengo amabwerera kumudzi. Milandu ya pabwalo nayo ndi yanu: ndani sanasese ku bafa, ndani akuphikira hotipuleti pa mita ya anthu onse, mayunitsi atha bwanji lachitatu lomwe. Alandilodi okhala pomwepo kapena pafupi amazikwanitsa izi. Okhala ku Area 49 n'kumabwera kamodzi pamwezi amapeza zitseko ziwiri zilibe anthu, chachitatu muli munthu amene sanamuonepo. Onjezani kuti malo ambiri m'madera amenewa mapepala ake ndi ofooka, ndiye simungatengere ngongole, ndipo pogulitsa mtengo sukwera ngati wa malo a lizi.

Pali chinthu china chomwe ndikufuna kunena mosabisa. Kusauka kwa tenanti si chilolezo chomugoneka m'chipinda chodontha chopanda zenera, mabanja khumi chimbudzi chimodzi. Kolera wa 2022 ndi 2023, amene anapha anthu ambiri m'dziko muno kuposa wina aliyense m'mbuyomu, anavuta kwambiri mu Lilongwe, makamaka kumene madzi ndi zimbudzi n'zoperewera. Mukamamanga mdadada, werengerani zimbudzi zokwanira zokhala ndi silabu, ndalama yozipopa zikadzaza, mpope wa Lilongwe Water Board pabwalo ngati mapaipi afika, ndi ngalande yochotsa madzi. Izi n'zaumunthu, komanso zimasunga matenanti abwino zaka zambiri, ndipo tenanti wokhalitsa ndiye amene amakupindulitsani. Wina akalephereratu kulipira, njira ndi kumupatsa notisi yolembedwa, zikakanika kupita kukhoti. Kuzula chitseko, kusasula malata kapena kumutsekera katundu kukhoza kukusandutsani inuyo woyankha mlandu.

## Tinyumba ta selefu mumpanda umodzi

Pakati pa ziwirizi pali njira yomwe ine ndimaikonda kwa munthu wapantchito kapena wopuma kumene: tinyumba tiwiri, titatu kapena tinayi pa puloti imodzi ya mapepala abwino, kalikonse ka chipinda chimodzi kapena ziwiri, bafa ndi chimbudzi m'kati, geti imodzi. Madera ake ndi monga Area 25, Area 49, Likuni, Area 38, Kaphiri ndi mbali zina za Chilinde ndi 36. Matenanti ake ndi aphunzitsi, anamwino, apolisi, a ku Capital Hill, achinyamata a m'mabanki ndi m'makampani a mafoni, mabanja ongokwatirana kumene. Amalandira pakutha pa mwezi, alipo ambiri, ndipo sangakwanitse ku 47 koma atopa ndi bafa ya panja.

Anthu amenewa safuna zodabwitsa. Amafuna madzi otuluka, mita yawoyawo ya magetsi, chitetezo usiku, poimika kagalimoto, ndi siteji ya minibasi yoyenda wapansi. Mfundo yomalizayi ndi yaikulu kuposa momwe omanga ambiri amaganizira, chifukwa tenanti amawerengera lendi ndi thiransipoti pamodzi. Nyumba yotsika mtengo yomwe imafuna kabaza kenako maminibasi awiri kuti munthu afike ku City Centre ndi yodula kwa iye, makamaka mafuta akasowa mitengo ya maulendo n'kukwera. N'chifukwa chake puloti yaing'ono yodulirapo pafupi ndi tala imaposa yaikulu yotchipa mkatikati. Yang'anani kumene misewu yakonzedwa, monga mbali zomwe zapepukidwa ndi interchange ya ku Area 18 ndi msewu wa Kenyatta womwe unakuzidwa, muone madera omwe ulendo wa kuntchito wafupika.

Pomanga, ikani ndalama pa zosaoneka: maziko olimba, denga losadontha, mapaipi abwino, sepitiki thanki yokwanira mabanja onse. Matailosi odula ndi siling'i ya maluwa sizikweza lendi molingana ndi mtengo wake. Nyumba iliyonse ikhale ndi mita yake ya madzi ndi ya magetsi, ngakhale kudikira kulumikizidwa kutenge nthawi, chifukwa bilu yogawana ndiyo imayambitsa udani m'mipanda yambiri. Pulani yomwe mukupereka kukhonsolo ionetse tinyumba tonse kuyambira pachiyambi, kuti musadzauzidwe pambuyo kuti pulotiyo ndi ya nyumba imodzi. Kenako malizani kamodzi, kalowe munthu, musanayambe kachiwiri. Ngati inuyo mukukhalabe ya lendi, lowani m'koyambako; lendi yomwe mwasiya kulipira ndi phindu lomwe silithawa.

## Ophunzira, mashopu ndi malo ogona alendo

Pafupi ndi masukulu a ukachenjede, monga ku Bunda ndi ku NRC komwe kuli nthambi za LUANAR, malo ogona a pasukulu sakwanira, ndipo ophunzira ambiri amakhala kunja. Kumeneko amalipira pa bedi, ndiye chipinda chimodzi chimabweretsa zambiri kuposa kuchipereka kwa banja. Koma werengerani miyezi ya holide, kalendala ya sukulu yomwe imatha kusintha, ndi zitseko, maloko ndi mipope zomwe zimatha msanga. Pamafunika munthu wokhala pomwepo, madzi odalirika ndi chitetezo chenicheni, makamaka kwa atsikana. Ndipo msika wonsewo wadalira sukulu imodzi: ikamanga mahositelo ake, zipinda zanu zitsala.

Mashopu amapindula ngati puloti yanu yayang'ana msewu wodutsa anthu ambiri. Wa golosale, saluni kapena hadiweya amayesetsa kulipira pa nthawi yake chifukwa makasitomala amudziwira pamalopo, ndipo shopu ilibe bafa kapena khitchini yoti muzikonza. Kungoti mabizinesi ang'onoang'ono amagwa kawirikawiri, ndipo shopu yobisika mamita ochepa kuchoka pamsewu ikhoza kukhala chaka yotseka. Kusandutsa malo a nyumba kukhala a malonda kumafunanso chilolezo cha khonsolo.

Za loji kapena nyumba yobwereketsa masiku ochepa kudzera pa Airbnb (tsamba la pa intaneti lomwe alendo amapezerapo pogona), dziwani kuti imeneyo si lendi, ndi bizinesi yosamalira alendo. Imafuna mipando, zofunda zochapa tsiku lililonse, antchito, ziphaso ndi inuyo pafoni usiku. Amene ali ndi mtima wa ntchito imeneyo ayese, koma asaiyerekeze ndi kulandira lendi uli khale.

## Kugula yomanga kale kapena kumanga nokha, ndipo ndi ndalama iti

Kugula nyumba yoimaima kuli ndi ubwino woti mtengo mumaudziwa lero ndipo lendi imayamba mwezi wamawa. Tengani mmisiri wodalirika akaone ming'alu, matabwa a kudenga ngati sanadyedwe ndi chiswe, ndi mawaya a magetsi, chifukwa penti watsopano amabisa zambiri. Samalani kwambiri ndi nyumba za masiye. Mwana mmodzi kapena mchimwene wa malemu sangagulitse payekha. Pamafunika zikalata za khoti zosonyeza amene wapatsidwa mphamvu yoyendetsa chumacho, ndipo ndi bwino kumva kuchokera kwa mayi wamasiye ndi ana onse. Kugula nyumba yotere mwachinsinsi n'kuthandiza kulanda ana amasiye, ndipo mlandu wake ukhoza kukutsatani zaka zambiri.

Kumanga nokha kumatsika mtengo mukamayang'anira, ndipo kumalola kuyenda ndi thumba lanu. Koma simenti imasowa pa saiti, mmisiri amalandira ndalama n'kukayamba ntchito ina, ndipo mitengo imasintha musanafike pa denga. Yendani ku 49 kapena ku Airwing muwerenge nyumba zazikulu zoima pa windo, udzu utamera m'kati: ndalama zambiri zagona m'menemo osabweretsa kanthu, mvula ikuwononga makoma. Jambulitsani nyumba yomwe mungaimalize ndi ndalama zomwe mukuziona, ndipo ndalama ikapezeka gulani zipangizo zosawonongeka msanga monga malata, mafelemu ndi zitsulo, m'malo moisunga m'kwacha. Pa njerwa, malamulo a 2018 analetsa njerwa zowotcha pa zomanga za boma ndi za malonda pofuna kuteteza mitengo, ndipo mabuloko a simenti afala. Ngati mukumanga mashopu kapena hositelo, funsani kukhonsolo musanagule uvuni wa njerwa.

Nanga ngongole ya kubanki? Mu Febuluwale 2024 Reserve Bank inakweza chiongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo panthawiyo mabanki ankabwereketsa pa chiongoladzanja cha m'dera lomwelo kapena kupitirira. Tiyerekeze mwatenga K50 miliyoni pa 25 peresenti. Chiongoladzanja chokha ndi K12.5 miliyoni m'chaka choyamba, kupitirira K1 miliyoni pamwezi, musanayambe kubweza ngongole yeniyeniyo. Nyumba yomangidwa ndi K50 miliyoni yomwe ingabweretse lendi yoposa pamenepo ndi yosowa. Ndiye kuti lendi siibweza ngongoleyo. Aziibweza ndi malipiro anu, ndipo ntchito ikatha nyumba ipita. Ngongole yomwe ndimaiona yanzeru ndi yaing'ono, ya nthawi yochepa, yomalizira nyumba yomwe yatsala denga kapena magetsi kuti tenanti alowe, kaya ya ku SACCO kaya ya kuntchito. Katapila asayandikire n'komwe pa ntchito yomanga.

## Masheya a makampani a nyumba

Pali njira ina yomwe siitchulidwa kawirikawiri m'macheza: kukhala ndi gawo m'nyumba zikuluzikulu osagula njerwa ngakhale imodzi. Pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange pali makampani awiri a nyumba, MPICO, eni ake a Gateway Mall ndi nyumba zingapo za maofesi ku City Centre, ndi ICON Properties yomwe inalowa pamsikawu mu 2019. Mumatsegula akaunti kudzera kwa stockbroker, kampani yogula ndi kugulitsa masheya m'malo mwanu, n'kugula masheya ndi ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa puloti. Kampani ikapindula n'kugawa, mumalandira gawo lanu. Palibe tenanti wokuimbirani, palibe dobadoba, ndipo mutha kugulitsa gawo lochepa mukapanikizika.

Zofooka zake n'zakuti mtengo wa sheya umatsika ndi kukwera, phindu logawidwa limatha kukhala lochepa kapena osabwera chaka china, ogula sapezeka nthawi zonse pa mtengo womwe mukufuna, ndipo mulibe mawu pa kayendetsedwe ka nyumbazo. Simungagonemonso zinthu zikavuta. Koma kwa amene ndalama yake sinakwane puloti ya mapepala abwino, bola kuyamba apa, kapena kusunga m'ma Treasury bill, komwe ndi kubwereketsa boma ndalama kwa miyezi yochepa n'kulandirapo chiongoladzanja, uku mukuonjezera, kusiyana n'kuthamangira puloti ya m'dambo chifukwa choti ndiyo yokwanira thumba.

## Kwa amene muli kutali

Njira zonsezi zimasintha maonekedwe mwini wake akakhala ku Johannesburg, ku Ireland kapena ngakhale ku Mzuzu. Mdadada ndi hositelo zichotseni pamndandanda pokhapokha pali munthu wolipidwa, wokhala pomwepo, amene mungamuchotse ntchito akalakwitsa. M'bale ndi wovuta kumuchotsa. Tinyumba ta selefu ndi nyumba ya mpanda zimatheka mukazipereka kwa kampani yolembetsedwa yoyang'anira nyumba, yomwe imadula gawo lake pa lendi n'kumakutumizirani lipoti. Pomanga, tumizani ndalama gawo ndi gawo, maziko, makoma, denga, ndipo gawo lililonse likatha aliyendere munthu wodziwa zomanga amene si mnzake wa mmisiri. Tenanti aliyense asaine mgwirizano wonena lendi, tsiku lolipira, dipoziti, nthawi ya notisi ndi amene akonze chikawonongeka. Chikalata cha malo chilembedwe m'dzina lanu kuyambira tsiku loyamba, ndipo lendi izilowa mu akaunti yanu mwachindunji, isadutse m'manja mwa munthu, ngakhale akhale wa bere limodzi ndi inu.